MLONDA WA NKHOKWE AKATENGA BERE

Inu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kuyambira ku Kachulu ndi midzi ya kwa Mwambo kufikira kwa Kuntumanji ndi madambo a Domasi: mwezi uno tifuna kukamba nanu za chiweto chimene chili m'nyumba zambiri, koma chimene anthu sachiwerenga pakati pa chuma chao. Munthu akafunsidwa za ziweto zake atchula mbuzi, nkhuku, abakha ndi nkhunda. Mphaka samtchula konse. Komabe mpunga ukakololedwa ku Likangala nuthiridwa m'matumba, ndi matemba akachotsedwa pa thandala nasungidwa m'nyumba, ndani achezera usiku wonse kulonda zinthu zimenezi? Ndiye mphaka.

Mlonda ameneyu safunsa malipiro, ndipo masiku ambiri a chaka adzisamala yekha. Koma ilipo nyengo imodzi imene asowa dzanja la mbuye wake, ndiyo masabata 9 pamene ali ndi bere, ndi masabata 8 pamene ayamwitsa. Pa nyengo imeneyi apempha zinthu zitatu zokha: chakudya chokwana, malo ouma obisika, ndi kuti anthu asamvute. Tamverani tsono m'mene banja lingampatsire zimenezi.

Chifukwa chake tiweta mphaka

Khoswe wamkazi akhala ndi bere masabata atatu okha, naswa ana ambiri pa nthawi imodzi, ndipo anawo pakupita miyezi itatu ayamba kuswa ao. Kapuku wa m'minda ndiye aposa pamenepo, pakuti kawiri-kawiri aswa ana 10 kapena 12. Mbala zimenezi sizingodya mpunga ndi chimanga chokha iai. Ziboola matumba, zidula ukonde ndi matchera, ziononga nsomba zouma, ndipo zisiya mkodzo ndi zitosi m'chakudya cha ana athu.

Inu a kuno mudziwa bwino kuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake, ndipo idzala kapena kuphwa molingana ndi mvula. Inauma m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mabwato ambiri anakhala pa matope ouma. Pa zaka zotere matemba, makumba ndi milamba zisowa, ndipo moyo wa banja utsamira pa zimene zili m'nkhokwe. Pamenepo thumba limodzi lodyedwa ndi makoswe ndiyo njala ya masabata angapo.

Ena athamangira mankhwala a makoswe amene anthu awatcha tameki. Mankhwala amenewa sasankha: apha khoswe, apha nkhuku imene yatola nyambo, apha galu ndi mphaka amene wadya khoswe wakufayo, ndipo akhoza kupha mwana wokwawa. Mphaka alibe choopsa chotere. Ophunzira a ku Swaziland, dziko limene tsopano litchedwa Eswatini, analemba m'chaka cha 2017 zimene anaona m'midzi ya kumeneko: pa makomo pamene panali mphaka pamodzi ndi galu, makoswe anaopa kutuluka kukadya koposa pa makomo ena onse.

Ubwenzi umenewu ndi wakale-kale. Pa chisumbu cha Cyprus ofukula zakale anapeza manda a zaka 9,500, m'mene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka, ndipo analengeza zimenezi m'chaka cha 2004. Anthu atayamba kulima ndi kusunga dzinthu, mbewa zinadza ku nkhokwe, ndi vumbwe wa m'thengo anatsata mbewazo. Adzukulu ake ndiwo amphaka athu a lero. Tsono musamuope mphaka chifukwa maso ake ang'anima usiku. Kuseri kwa diso lake kuli kachikopa kobweza kuwala monga kalirole, kamene kamthandiza kupenya mu mdima. Galu, mbuzi ndi ng'ombe zili nako komweko, ndipo palibe munthu aziyesa za ufiti. Kulira kwake kwa usiku, konga kwa khanda, ndiko kuitana mwamuna.

Kuzindikira bere

Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali wamng'ono ndithu, wa miyezi 5 kapena 6, ena ngakhale 4. Nyengo yake ikafika alira kosaleka, adzigubuduza pansi, nasowa pakhomo usiku umodzi kapena uwiri. Mukaona zimenezi kumbukirani tsikulo, pakuti kuchokera pamenepo muwerenga masiku 63 kufikira 65, ndiyo miyezi iwiri ndi masiku owerengeka.

Masabata awiri oyamba simuona kanthu. Pa sabata lachitatu nsonga za mawere ake zifiira ndi kutukumuka pang'ono. Ichi ndicho chizindikiro choyamba chokhulupirika. Ena asanza masiku amenewa, nakana chakudya tsiku limodzi kapena awiri. Pa sabata lachisanu mimba iyamba kuonekera m'mbali, ndipo mphaka agona kwambiri, nakonda kukhala pafupi ndi anthu. Pa masabata awiri otsiriza, iye atagona, mukhoza kuona ana akugwedezeka m'mimba.

Apa tichenjeze ana a pakhomo. Musafinye mimba ya mphaka pofuna kuwerenga ana ali m'kati. Musamnyamule pomgwira pamimba. Musammenye ndi chikuni kapena kumponda akaba ndiwo. Mphaka wa bere akayamba kuba, ndiye kuti ali ndi njala, ndipo mlandu uli ndi mbuye wake.

Chakudya

Pali mau amene amveka m'midzi yambiri, akuti: mphaka akakhuta sagwira makoswe. Mau amenewa ndi onama, ndipo apha amphaka ambiri. Mphaka asaka chifukwa kusaka kuli m'chibadwa chake. Wokhuta ali ndi mphamvu ya kubisalira usiku wonse, ndipo akhala pakhomo. Wanjala ndiye achoka, napita kukaba kwa anansi kapena kukalowera ku dambo, nasiya nkhokwe yanu yopanda mlonda.

Dziwaninso kuti thupi la mphaka silinga la galu. Galu akhoza kukhala ndi moyo ndi mkute wa nsima, koma mphaka ndi nyama yodya nyama zinzake, ndipo zina zimene mtima wake ndi maso ake zifuna zipezeka m'nyama ndi nsomba zokha. Mphaka wa bere wodyetsedwa nsima yokha aswa ana ofooka kapena akufa, ndipo mkaka wake uchepa.

Inu a kunyanja muli ndi mwai pa ichi. Tengani matemba odzaza dzanja, kapena zotsala za makumba ndi mlamba, muziphike m'madzi opanda mchere, muzisinje, ndi kusakaniza ndi nsima kapena mpunga pang'ono; nsomba ichuluke kuposa nsima. Timinga tofewa ta matemba tosinjidwa bwino ndi tabwino, pakuti timanga mafupa a ana ali m'mimba. Koma minga zazikulu zolimba muzichotse. Dzira lophika, ndi matumbo a nkhuku ophika tsiku limene mwapha nkhuku, nazonso ndi zabwino. Nsomba muziphika chifukwa chakuti m'nsomba zina zaziwisi, makamaka za mtundu wa matemba, muli chinthu chimene chiononga vitamini B1. Mphaka wodya zimenezo tsiku ndi tsiku ayamba kudzandira ndi kukomoka, koma moto uchipha chinthucho. Musampatse nsomba zamchere, kapena msuzi wa anyezi ndi adyo, pakuti anyezi ndi adyo aononga magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe utsegula m'mimba amphaka ambiri. Madzi oyera m'kambale ndiwo afunika, ndipo asasowe usana ndi usiku.

Bere likamakula onjezani chakudya pang'ono-pang'ono, ndi kumpatsa katatu kapena kanai pa tsiku, popeza ana apanikiza chifu chake ndipo sakhoza kudya zambiri pa nthawi imodzi. Akayamba kuyamwitsa adzafuna chakudya chowirikiza kawiri, ngakhale katatu, kuposa cha masiku onse.

Malo oswera

Kutatsala sabata limodzi kapena awiri, mphaka ayamba kufuna-funa malo. Alowa pansi pa kama, m'mtanga wa zobvala, kuseri kwa matumba, kapena kudenga la nkhokwe. Mukapanda kumkonzera malo adzasankha yekha, ndipo mwina asankha m'udzu wa denga m'mene ana adzagwa, kapena m'bango kunja m'mene ng'azi, nsato ndi agalu adzawapeza.

Tengani dengu lakale kapena katoni yaikulu, imene mphaka angagonemo atatambalala. M'mbali mwake mukhale motalika bwino kuti ana asakwawire kunja, koma make akhoze kulumpha. Pansi yalani chiguduli chouma, ndi nsanza zochapa pamwamba pake. Musayale ukonde wakale wa nsomba kapena wa udzudzu, pakuti tizikhadabo ta ana tikodwa m'menemo, ndipo ulusi uzinga khosi kapena mwendo. Dengulo liikeni pa ngodya yamdima m'nyumba, kutali ndi khomo, kutali ndi moto ndi utsi wa m'khitchini, ndi pamene galu safika.

Kuno ku chigwa cha Chilwa pali zinthu ziwiri zoonjezera. Choyamba ndi madzi. Pa nyengo ya dzinja pansi pa nyumba zambiri pachita chinyezi, ndipo onse amene anaona madzi osefukira a Januwale 2015, ndi a namondwe Freddy m'Malichi 2023, adziwa m'mene madzi alowera m'nyumba usiku. Chotero ikani dengulo pa njerwa kapena pa thabwa, lisakhudze dothi. Chachiwiri ndi linthumbu, limene likhoza kupha ana onse usiku umodzi. Sesani bwino pozungulira, ndi kuwaza phulusa kuzinga njerwazo.

Muonetseni mphaka malowo masiku akadalipo, ndi kumuikira chakudya chake pafupi. Akakana naswera pena, musalimbane naye tsiku lomwelo, pokha-pokha ngati malowo ndi oopsa.

Tsiku lakuswa

Tsikulo likafika mphaka aleka kudya, ayenda-yenda, adzinyambita kawiri-kawiri, nalowa ndi kutuluka m'dengu. Mawere ake adzala mkaka. Pambuyo pake mimba iyamba kukankha, ndipo mwana woyamba atuluka ali m'kathumba ka madzi. Make ang'amba kathumbako, anyambita mwana mwamphamvu kufikira alira, adula chingwe cha mchombo ndi mano, nadya nsengwa. Musanyansidwe nazo, ndi chibadwa chake. Ana atsatana pa mphindi 10 kufikira ola limodzi, ndipo ambiri aswa ana 3 kufikira 5. Mwana wotuluka motsogoza miyendo ya kumbuyo si tsoka iai, ambiri abadwa chotero. Nthawi zina mphaka apumula maola ambiri asanatsirize. Ngati ali chete, akuyamwitsa ndi kudya, palibe choopsa.

Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nchito yanu tsiku limeneli ndiyo kukhala patali ndi kupenya. Tulutsani ana a pakhomo ndi alendo, pakuti phokoso liletsa mphaka kuswa. Munthu mmodzi yekha amene mphaka amzolowera ndiye asuzumire nthawi ndi nthawi, ndi kuwerenga nsengwa, popeza mwana aliyense ali ndi yake, ndipo yotsalira m'kati idwalitsa make.

Dzanja lanu lifunika pa zitatu izi zokha, ndipo muyambe mwasamba ndi sopo. Make akasiya mwana m'kathumba osamnyambita, monga achita ena oswa koyamba, ng'ambani kathumbako ndi zala, pukutani mphuno ndi kamwa, ndi kumtikita ndi nsalu youma kufikira alira. Chingwe chikakhala chosadulidwa, chimangeni ndi ulusi woyera kutalika kwa zala ziwiri kuchokera pa mimba, ndi kudula ndi lezala latsopano kutsidya kwa mfundoyo. Mwana akakakamira theka lili kunja, mgwireni ndi nsalu yoyera ndi kumkoka pang'ono-pang'ono cha kumunsi, pa nthawi yokhayo imene make akukankha. Akapanda kutuluka musachite makani.

Koma mukaona mphaka akukankha mwamphamvu koposa theka la ola popanda mwana, kapena magazi ambiri akutuluka, kapena madzi onunkha, kapena iye wafooka osadzuka, fulumirani kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndi nzeru kudziwiratu kumene mlangiziyo akhala bere lisanakhwime.

Masabata atatu oyamba

Mwana wa mphaka abadwa wolemera ngati mazira awiri a nkhuku, ndiwo magalamu 100 kapena kuchepera pang'ono. Maso ake ndi otseka, makutu ake samva, ndipo thupi lake silikhoza kudzifunditsa lokha kufikira masabata atatu atapita. Mkaka woyamba wa make uli ndi mphamvu yoteteza ku matenda, koma matumbo a mwana ailandira mphamvuyo tsiku loyamba lokha. Chotero onetsetsani kuti aliyense wapeza bere tsiku lomwelo. Akakhalapo wamng'ono wokankhidwa ndi anzake, muikeni ndi dzanja pa mawere a kumbuyo, amene ali ndi mkaka wambiri.

Ana okhuta agona mulu umodzi, ofunda, ndi timimba tozungulira. Olira kosaleka ali ndi njala kapena kuzizira. Mdani wamkulu ndiko kuzizira, makamaka m'Juni ndi Julayi pamene mwera uomba pa nyanja. Phimbani theka la dengu ndi nsalu. Mukapeza mwana wozizira, wolefuka, musamuyamwitse msanga, pakuti mimba yozizira sigaya mkaka. Yambani mwamfunditsa pa chifuwa chanu m'kati mwa malaya, ndipo atatenthedwa mbwezereni kwa make. M'Okutobala ndi Novembala choopsa ndi china: dengu lisakhale pafupi ndi malata otentha.

Mchombo uuma nugwa patapita masiku atatu kapena anai. Maso ayamba kutseguka pa masiku 7 kufikira 10, ena 14. Musawatsegule ndi zala. Akatupa ndi kutulutsa mafinya, apukuteni ndi kansalu konyowa ndi madzi owiritsa ozizira, ndi kufunsa mlangizi. Mwana wathanzi alemera kawiri pakutha pa masiku 10. Make anyambita pansi pa timichira tao kuti akodze ndi kuchita chimbudzi, pakuti paokha sakhoza. Komabe muzisintha nsanza zikanyowa.

Anthu ena ati, ukakhudza ana a mphaka make awataya. Mphaka wozolowera anthu sachita chotero chifukwa cha fungo la dzanja. Chimene chimsamutsa ndicho kubvutidwa. Ana a pakhomo akamanyamula tiana ndi kutisewera nato, make atinyamula pakhosi kamodzi-kamodzi, natibisa kumene simungatipeze. Masabata awiri oyamba munthu mmodzi yekha aziwayang'ana, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Amphaka amuna asafike pafupi, pakuti ena apha tiana.

Penyaninso make. Bere limodzi likatupa, kuuma ndi kutentha. Akakana chakudya koposa tsiku limodzi. Akayamba kunthunthumira ndi kuuma miyendo. Zimenezi ndi matenda ofuna mlangizi tsiku lomwelo.

Ana amasiye

Make akafa kapena akasowa, njira yoposa zonse ndiyo kufuna mphaka wina woyamwitsa m'mudzi, pakuti ambiri alandira ana a mnzao ngati ao. Yambani mwawapukuta ndi nsanza ya m'dengu lake kuti fungo lifanane, ndipo mukhale pafupi kufikira aona kuwanyambita. Akasowa woyamwitsa, ulipo mkaka waufa wokonzedwera ana a mphaka, umene upezeka kwa madokotala a ziweto m'tauni. Podikira umenewo, tsiku limodzi kapena awiri, mukhoza kuwiritsa mkaka wa mbuzi, kuuziziritsa ukhale wofunda ngati thupi, ndi kusakanizamo yolk ya dzira, ndiyo mbali yachikasu ija. Mwetsani madontho pang'ono-pang'ono ndi jekeseni wopanda singano, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Mwana agone chafufumimba monga achita poyamwa. Mukamgoneka chagada mkaka ulowa m'mapapo. Akatha kumwa mpukuteni pansi pa mchira ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda. M'dengu ikani botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu. Nchito imeneyi ndi yolemetsa, ndipo ngakhale mutaichita bwino ena adzafa, musadziimbe mlandu.

Mankhwala amene apha

Amphaka ambiri afa ndi chifundo chosadziwa. Panado, amene athandiza munthu, ndi ululu kwa mphaka: mbulu umodzi ukhoza kumupha, pakuti chiwindi chake sichikhoza kuusungunula. Musampatse mankhwala alionse a anthu. Mankhwala osambitsira ng'ombe ndi mbuzi, opopera mbewu, ndi ena ophera nthata za agalu, nawonso apha mphaka, popeza adzinyambita thupi lonse. Musamthire palafini.

Nthata zikachuluka ziyamwa magazi a tiana kufikira nkhama ziyera ndi kufa. Zichotseni ndi chipeso cha mano othithikana, ndi kuzitaya m'madzi a sopo; nsanza muziwiritse ndi kuziyanika padzuwa. Njoka za m'mimba zipita kwa ana kudzera mu mkaka wa make, ndipo chizindikiro chake ndi mimba yotupa pa thupi loonda. Mankhwala ake alipo, koma muyeso wake apereke ndi mlangizi wa ziweto.

Thanzi la banja lanu

Amai oyembekezera amve ichi. M'chimbudzi cha amphaka ena muli kachirombo kosaoneka ndi maso, kotchedwa Toxoplasma, kamene kanapezeka m'chaka cha 1908, ndipo m'chaka cha 1970 kanadziwika kuti kaswana m'matumbo a mphaka. Mai akakatenga koyamba ali ndi pakati, kakhoza kupweteka maso ndi ubongo wa mwana wosabadwa. Sikuti mumpirikitse mphaka iai. Kachiromboko sikadwalitsa munthu kufikira chimbudzicho chitagona tsiku limodzi kapena kuposa. Chotero wina wa m'banja azichotsa tsiku ndi tsiku ndi kuchikwirira. Mai asambe m'manja ndi sopo pochokera ku dimba, atsuke masamba, ndipo nyama adye yopsa bwino, pakuti kachirombo komweko kapezekanso m'dothi ndi m'nyama yosapsa.

China ndi chiwewe. Ambiri ayesa kuti ndi nthenda ya agalu okha, koma mphaka nayenso aitenga ndi kuipereka. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata woyamba ndi katemera m'chaka cha 1885, koma kufikira lero munthu akayamba kuonetsa zizindikiro zake sachira. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ku Blantyre m'chaka cha 2015, nilifika ku Zomba ndi Chiradzulu m'chaka chotsatira. Obaya katemera akafika m'dera lanu funsani za mphaka wanunso. Ana abayidwa akakwana miyezi itatu. Mphaka woyamwitsa aluma msanga poteteza ana ake, choncho musalowetse dzanja kwa mphaka wachilendo. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika kapena wodwala, atsuke chilonda ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, ndi kupita ku chipatala tsiku lomwelo.

Kuleka kuyamwa ndi kugawa ana

Pa masabata atatu tiana tiyamba kuyenda modzandira, ndi mano ayamba kumera. Kuyambira sabata lachiwiri kufikira lachisanu ndi chiwiri ndiyo nyengo imene mphaka aphunzira kukhulupirira munthu. Tsopano ana a pakhomo aloledwe kuwagwira mofatsa, atakhala pansi, kanthawi pang'ono tsiku lililonse. Mphaka wosagwidwa pa nyengo imeneyi akula wolusa ndi wothawa anthu.

Pa masabata anai ikani m'kambale kosazama nsomba yophika yosinjidwa ndi madzi ake, yofewa ngati phala, ndi kathireyi ka mchenga pambali, kamene adzaphunzira okha kuchitamo chimbudzi. Masiku omwewa mudzaona make akubwera ndi khoswe wakufa namuika pamaso pao. Pambuyo pake abwera ndi wamoyo, namtaya kuti iwo amgwire. Imeneyo ndiyo sukulu ya alonda. Chifukwa chake musagawe ana asanakwane masabata 8, ngakhale mnansi akakamize chotani. Wochotsedwa msanga adwala-dwala, ndipo sanatsirize maphunziro ake. Akayamba kusewera pabwalo muwayang'anire, pakuti mphamba ndi khwangwala sasiyanitsa mwana wa mphaka ndi mwanapiye.

Walira mvula walira matope: amene afuna mlonda alandirenso ana ake. Mphaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu pa chaka, ndi kutenganso bere akali kuyamwitsa. Kumanga tiana m'thumba ndi kutiponya mu Likangala, kapena kutitaya m'njedza, ndi nkhanza imene ana athu aona ndi kuphunzira. Ndipo tina tikapulumuka tisanduka amphaka a m'thengo, odya anapiye anu ndi ana a mbalame za m'dambo. Yambani kufunsa bere likadalipo: kwa abale, kwa osunga mpunga, kwa ogulitsa nsomba zouma ku Kachulu, kwa anzanu a ku chisumbu cha Chisi, ambiri a iwo abvutika ndi makoswe. Ndipo ngati simufunanso ana, dokotala wa ziweto akhoza kumtseka wamkazi ndi kufula wamwamuna. Ku Blantyre kuli bungwe la BSPCA, ku Lilongwe la LSPCA, ndipo mlangizi wa dera lanu adzakulozerani njira. Mphaka wotsekedwa saleka kusaka, ndipo akhala pakhomo koposa kale.

Tsono, owerenga athu, madzulo ano mphaka wanu akadza nakhala pambali pa mphasa pamene mukudya, mpenyetseni bwino. Ngati m'mbali mwake mwatukumuka, uzani ana atenge dengu lakale ndi njerwa zinai, ndipo amai apatule matemba odzaza dzanja asanathire mchere mu mphika. Pakupita miyezi inai mudzakhala ndi alonda okwana nkhokwe yanu ndi ya anansi anu.